Kuchokera ku Thuchila Kukafika ku Nyanja ya Mchere

Aliyense wochokera ku Blantyre kupita ku Mulanje, kaya adzere msewu wa ku Thyolo kaya wa Midima, sangafike pa boma asanaoloke mtsinje wa Thuchila. M'miyezi ya chilimwe mtsinjewu umachepa kwambiri, kotero kuti mlendo wa m'basi angathe kuudutsa osafunsa ndi dzina lake lomwe. Komatu madzi ochepa omwewo ali pa ulendo wautali. Atsika kuchokera pamwamba pa phiri la Mulanje, ndipo sapuma mpaka atakalowa m'nyanja yaikulu ya mchere, ija itchedwa Nyanja ya India, ku gombe la chigawo cha Zambézia m'dziko la Mozambique. Nkhani ino itsata madzi amenewa kuchokera ku gwero mpaka ku matsiriro, ndi kubwerera pa msewu, ndipo pa malo ena iima pang'ono kufunsa kumene dzina la malowo linachokera. Maina a mapiri, mitsinje ndi midzi ndiwo kaundula wakale kwambiri wa dera lino. Amasunga zambiri zimene mabuku sanalembe, ndipo amasonyeza kuti phiri la Mulanje ndi gombe la Zambézia zakhala pa chibale kuyambira kalekale.

PAMWAMBA PA PHIRI

Dzina la Thuchila si la mtsinje wokha. Pamwamba pa phiri pali chidikha chotchedwa Thuchila, kumene mtsinjewo uyambira, ndipo pomwepo pali kanyumba kogonamo alendo okwera phiri kodziwika ndi dzina lomweli. Pansi, chigwa chimene chayala pakati pa Mulanje ndi mapiri a Thyolo ndi Chiradzulu chimatchedwanso chigwa cha Thuchila, ndipo msika wa pamsewu ndi sukulu ya zaulimi ya m'deralo zinatengera dzina lomwelo. Pa mapu a nthawi ya atsamunda dzinali linkalembedwa kuti Tuchila, monganso Thyolo ankalembedwa Cholo, Mulanje nkulembedwa Mlanje. Khutu la Mngerezi silinkamva kampweya kamene kamatsata "t" m'mau monga thumba kapena thope, tsono chimene khutu silinamve cholembera sichinalembenso. Dziko litalandira ufulu mu 1964, ndiponso Chichewa chitasankhidwa mu 1968 kukhala chiyankhulo cha fuko, kalembedwe ka maina ambiri kanakonzedwa kuti kagwirizane ndi katchulidwe ka eni malo.

Phiri la Mulanje ndi chimwala chachikulu chimene chinadzuka chokha pakati pa chigwa, pafupifupi makilomita 26 m'litali ndi 22 m'lifupi. Nsonga yake yaitali koposa ili pa mamita 3,002 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo m'Malaŵi, m'Zambia, m'Zimbabwe ngakhale m'Mozambique mulibe malo ena okwera chotere. Nsongayo ndi Sapitwa. Dzinali ndi chenjezo lomveka kwa aliyense wodziwa Chichewa: kumeneko sikupitidwa. Makolo ankakhulupirira kuti kumwambako ndi mudzi wa mizimu, ndipo mpaka lero anthu a m'tsinde mwa phiri amasimba zoti woyenda m'phirimo akapeza chakudya chokonzedwa kale, adye yekha mwakachetechete, osaitana mnzake. Kaya munthu akhulupirire zimenezi kaya ayi, chenjezolo lili ndi maziko. Nkhungu imatsika mwadzidzidzi n'kuphimba njira, miyala imaterera, ndipo usiku kumazizira koopsa. Mu 2003 ndiponso mu 2009 alendo ochokera kunja amene analowera ku Sapitwa okhaokha sanabwerereko amoyo. N'chifukwa chake mlendo aliyense amalangizidwa kutenga womutsogolera wa komweko. Safunsa anadya phula.

Cha ku Likhubula kuli mathithi ogwera m'dziwe lakuya lotchedwa Dziwe la Nkhalamba. Lero achinyamata amakasambirako ndi kujambulitsa zithunzi, koma dzinalo limakumbutsa kuti awa anali malo a nsembe, kumene akuluakulu ankakapempha mvula kwa mizimu ya makolo. Ulemu umenewu, umene Amang'anja, Ayao ndi Alomwe akhala akupereka kwa phirili, ndiwo unachititsa bungwe la UNESCO kulilemba mu Julayi 2025 m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Mulanje ndi malo achitatu a m'Malaŵi kulowa m'kaundulayo, kutsatira malo otetezedwa a ku Nyanja ya Malaŵi mu 1984 ndi zojambula za pa miyala za ku Chongoni mu 2006.

M'zigwa za pamwamba pa phiri ndimo mumamera mkungudza, mtengo wonunkhira umene chiswe sichiudya, umenenso sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi. Mtengowu uli ndi maina awiri. La mkungudza ndi la eni dziko. La akatswiri a zomera ndi Widdringtonia whytei, pokumbukira Alexander Whyte, amene anatola nthambi zake m'phirimo mu 1891 akugwira ntchito pansi pa Harry Johnston. Phirili linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu 1984 mkungudza unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko la Malaŵi. Ulemu wonsewo sunaletse macheka ndi moto wolusa. Pamene akatswiri anawerenga mitengoyi mu 2017, anapeza isanu ndi iwiri yokha yokhwima. Chichokere nthawi imeneyo bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi nthambi ya za nkhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira, lakhala likufesa ndi kubzala mbande zikwizikwi, koma mkungudza umafuna zaka makumi ambiri kuti ukhwime.

KUTSIKA NDI RUO

Utatsika phiri, mtsinje wa Thuchila umayamba walowera kumadzulo, kenaka nkukhotera kumwera, kudutsa m'minda ya chimanga, nandolo ndi chinangwa. Pa njira umalandira madzi a mitsinje yochokera ku mapiri a kumadzulo. Pafupi ndi Sandama umathira m'Ruo, ndipo kuyambira pamenepo dzina la Thuchila silimvekanso.

Ruo nayenso amachokera m'phiri la Mulanje, koma ali ndi udindo wina: kwa mtunda wautali ndiye malire, tsidya lino Malaŵi, tsidya ilo Mozambique. Malirewa sanaikidwe ndi anthu okhala m'mbali mwa mtsinjewo. Mu 1889 msilikali wa Chipwitikizi, Serpa Pinto, anakwera chigwa cha Shire ndi gulu lankhondo nalimbana ndi Amakololo, pofuna kuti mapiri a Shire akhale m'manja mwa Portugal. Angerezi, amene amishoni awo anali atakhazikika kale ku Blantyre kuyambira mu 1876, sanalole. Mu Januwale 1890 boma la Britain linalamula Apwitikizi kuti abweze asilikali awo, ndipo pangano la mu Juni 1891 linagamula kuti Ruo ndiye akhale malire. Cholembera cha ku Ulaya chinadula pakati pa mabanja amene ankatunga madzi pa dooko limodzi.

Pa Zoa mtsinjewu umagwa mamita pafupifupi 60, ndipo ukatsika m'chigwa chotentha umakakumana ndi Shire pa Chiromo. Malowa anali otchuka m'masiku a sitima za pamadzi, ndipo njanji yoyamba ya m'dziko muno, imene inafika ku Blantyre mu 1908, inadzera pomwepa nikwera motsata chigwa cha Ruo, kudzera pa Sandama ndi Luchenza. Kumpoto kwa Chiromo kuli dambo lalikulu lotchedwa Elephant Marsh, ndiko kuti dambo la njovu. David Livingstone, amene anakwera Shire mu 1859, analemba kuti anaonako njovu pafupifupi 800. Lero kuli mbalame za mitundumitundu, mvuu ndi ng'ona, koma njovu kulibe ndi imodzi yomwe. Linatsala ndi dzina lokha.

Kunsi kwake kuli Nsanje, malo amene atsamunda ankawatcha Port Herald, potengera sitima ya nkhondo ya Angerezi yotchedwa Herald imene inkayenda pa Shire ndi Zambezi. Ufulu utabwera dzina la Port Herald linachotsedwa, monganso Fort Johnston anasanduka Mangochi, Fort Manning nkukhala Mchinji, Fort Hill nkukhala Chitipa. Zomwezi zinachitika ku Mozambique atalandira ufulu pa 25 Juni 1975: Lourenço Marques anasanduka Maputo, Vila Cabral anasanduka Lichinga. Fuko likadzilamulira, imodzi mwa ntchito zake zoyamba imakhala kudzitchulira lokha malo ake.

Shire akatuluka m'Malaŵi amadutsa m'tsinde mwa phiri la Morrumbala nakathira m'Zambezi. Zambezi, mtsinje wachinayi m'litali mu Africa yense, ukayandikira nyanja umagawikana m'mitsinje ingapo yoyenda pakati pa matope ndi mitengo yomera m'madzi a mchere. Umodzi mwa matsiriro amenewa ndi wa Chinde. Mu 1889 Daniel Rankin anasonyeza kuti sitima zochokera m'nyanja zingathe kulowera pamenepa, ndipo mu 1891 Angerezi anabwereka kwa Apwitikizi kachigawo ka mchenga pa Chinde kuti kakhale doko la dziko lino. Kwa zaka pafupifupi 30 katundu ndi makalata a ku Blantyre ndi ku Zomba ankatsikira pamenepo. Koma nyanja inkadya gombelo chaka ndi chaka, ndipo mu 1922 namondwe anaphwanya nyumba ndi sitima zambiri. M'chaka chomwecho njanji yopita ku Beira inatsegulidwa, kotero Chinde anasiyidwa. Mlatho wa Dona Ana utamalizidwa pa Zambezi mu 1935, sitima ya pamtunda inayamba kuyenda kuchokera ku Limbe mpaka ku Beira osadukiza.

Pa Chinde mpamene madzi a Thuchila amalawa mchere.

GOMBE LA ZAMBÉZIA

Chigawo cha Zambézia n'chocheperako pang'ono poyerekeza ndi Malaŵi yense, ndipo pa kalembera wa mu 2017 chinapezeka ndi anthu oposa mamiliyoni asanu. Kumwera chimalekeza pa Zambezi, kumpoto pa mtsinje wa Ligonha, kum'mawa pa nyanja, ndipo kumadzulo chimachita malire ndi maboma a Nsanje, Thyolo, Mulanje ndi Phalombe. Ku gombe dziko ndi lathyathyathya, lotentha ndi lachinyezi, loyenera mpunga ndi mitengo ya kokonati. Kumtunda kuli mapiri ozizira ofanana ndi a ku Mulanje. Dzina la Zambézia linapangidwa ndi Apwitikizi m'zaka za m'ma 1800 kuchokera ku dzina la mtsinje. Kale iwo ankatcha dera la m'chigwachi Rios de Sena, kutanthauza mitsinje ya ku Sena, ndipo Zambezi weniweniyo ankamutcha Cuama.

Likulu la chigawochi ndi Quelimane. Mzindawu suli pa Zambezi, koma pa mtsinje wina wa kumpoto kwake, makilomita pafupifupi 25 kuchokera ku nyanja. Mtsinjewo uli ndi dzina la Chipwitikizi, Rio dos Bons Sinais, ndiko kuti mtsinje wa zizindikiro zabwino. Anautcha chotero ndi Vasco da Gama kumayambiriro kwa chaka cha 1498. Iye anali atazungulira kumwera kwa Africa pofuna njira ya ku India, ndipo atafika pano anapeza anthu ovala nsalu za malonda, odziwa za zombo zazikulu zochokera kumpoto. Kwa iye chimenecho chinali chizindikiro chakuti India sali kutali. Kwa wophunzira mbiri yakale dzinali likuchitira umboni chinthu china: Azungu asanafike, gombeli linali kale pa malonda ndi Aswahili, Aluya ndi Amwenye.

Za dzina la Quelimane pali nthano imene anthu a kumeneko amaikonda. Akuti Apwitikizi atatsika m'chombo anapeza anthu ali m'munda, nawafunsa dzina la malowo. Eni munda, posamva chiyankhulo cha alendowo, anayesa kuti akufunsidwa chimene akuchita, nayankha m'chiyankhulo chawo kuti akulima. Alendowo analemba yankholo ngati dzina. Mchewa aliyense angamve liu la "kulima" mkati mwa Quelimane, pakuti Chichuwabo cha kumeneko ndi Chichewa ndi ziyankhulo za banja limodzi. Ena amati dzinalo linachokera ku liu la Chiswahili lakuti mkalimani, lotanthauza womasulira, popeza pa doko lotere womasulira anali munthu wofunika kwambiri. Nkhani ziwirizi zikusiyana, koma zonse zikunena za anthu a ziyankhulo zosiyana amene akuyesa kumvana pa gombe.

Dzina la dziko lonse la Mozambique linabadwa mofananamo. Poyamba linali la kachilumba kakang'ono ka kumpoto, m'chigawo cha Nampula, kamene Vasco da Gama anafikako mu Malichi 1498. Mbiri imati dzinalo linachokera kwa mfumu ya Chisilamu ya pa chilumbapo, Mussa bin Bique. Chilumbacho chinakhala likulu la Apwitikizi kufikira mu 1898, ndipo dzina lake linafalikira pang'onopang'ono mpaka linakuta dziko la gombe lotalika makilomita oposa 2,000.

Kumpoto kwa Quelimane kuli boma lotchedwa Maganja da Costa. Apwitikizi ankalemba dzina la Amang'anja kuti Maganja, ndipo costa m'chiyankhulo chawo ndi gombe. Akatswiri a mbiri amagwirizanitsa dzinali ndi nthawi ya ufumu wa Maravi. M'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 mphamvu za Lundu, mfumu ya Amang'anja a m'chigwa cha Shire, ndiponso pambuyo pake za Muzura, zinafika kum'mawa mpaka ku nyanja, ndipo minyanga ya njovu, makasu a chitsulo ndi nsalu za thonje zinkayenda m'njira zimenezo. Maravi ndi kalembedwe ka Apwitikizi ka liu lomwe lija lakuti malaŵi, malaŵi a moto. Ena amati ankanena za moto wa m'ng'anjo zosungunulira chitsulo, ena amati za kunyezimira kwa dzuwa pa nyanja m'mamawa. Atsamunda anatcha dziko lino Nyasaland kuyambira mu 1907, potengera liu la Chiyao lakuti nyasa, lotanthauza nyanja. Pa 6 Julayi 1964 dzina lakale lija linabwerera. Choncho dziko limene lero lilibe gombe la nyanja ya mchere likutchedwa ndi dzina la ufumu umene kale unkafika ku gombelo.

Mlendo wofika ku Quelimane lero adzapeza mzinda wa njinga, pakuti kabaza ndiye galimoto ya anthu ambiri kumeneko. M'mbali mwa mtsinje muli tchalitchi chakale cha Nossa Senhora do Livramento, chomangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Livingstone anatsiriza pa doko lomweli, mu Meyi 1856, ulendo wake wodutsa Africa kuchokera ku Luanda. Makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda kuli gombe la Zalala, la mchenga woyalana kutali, kumene asodzi amagulitsa nsomba ndi nkhanu zongovuulidwa kumene. Chakudya chotchuka cha chigawochi ndi nkhuku yootcha yonyikidwa m'madzi ofinyidwa ku kokonati, imene imadziwika m'Mozambique yense ndi dzina la chigawocho. Minda ya kokonati ya kumeneko, imene makampani a Boror ndi Madal anaikuza m'nthawi ya atsamunda, inali m'gulu la minda yaikulu koposa pa dziko lapansi, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1990 matenda ochititsa masamba chikasu apha mitengo yosawerengeka. Gombe likulira kokonati monga phiri likulira mkungudza.

NJIRA YOBWERERA

Pobwerera sipafunika kutsata mtsinje. Msewu umachoka ku Quelimane kupita ku Mocuba, pa mtsinje wa Licungo, mtunda wa makilomita pafupifupi 150, ndipo kuchokera pamenepo umalowera kumadzulo makilomita ena pafupifupi 200 kukafika ku Milange, moyang'anizana ndi chipata cha Muloza. Kwa munthu wa ku Thuchila, nyanja ya mchere ili pafupi kuposa mzinda wa Mzuzu. Milange ndi Mulanje ndi dzina limodzi, lolembedwa ndi zolembera ziwiri, china cha Mpwitikizi china cha Mngerezi.

Msewu umenewu ukutsata njira yakale yachisoni. M'zaka za m'ma 1800 Quelimane anali limodzi mwa madoko aakulu ogulitsira akapolo, ndipo magulu a anthu omangidwa m'magoli ankachokera ku mapiri a Shire, kudzera pa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, kulowera ku gombe. Pofuna kutseka njirayo, Harry Johnston anamanga malinga awiri mu 1893: Fort Lister pa mpata pomwepo, ndi Fort Anderson kumwera kwa phiri. Onse awiri anatchedwa maina a akuluakulu a mu ofesi ya za maiko akunja ku London, Villiers Lister ndi Percy Anderson. Fort Anderson ndiye anadzakhala chiyambi cha boma la Mulanje, ndipo mabwinja a Fort Lister akadalipo cha ku Phalombe, kumene alendo amakawaona.

Njira yomweyo inadzabweretsanso anthu. Kumpoto kwa Mocuba, pamwamba pa tauni ya Gurué ndi minda yake ya tiyi, kuli phiri la Namuli, lotalika mamita 2,419, lachiwiri m'Mozambique yense. Alomwe amati kumeneko ndiko kunachokera mtundu wawo. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo makamaka m'zaka zoyamba za m'ma 1900, mabanja zikwizikwi anaoloka Ruo ndi Muloza pothawa misonkho, ntchito yokakamiza ndi nkhanza za makampani a Apwitikizi. Kuno anapeza ulimi wa tiyi ukuyamba, pakuti Henry Brown anali atabzala tiyi ku Mulanje mu 1891. Eni minda anawalandira chifukwa ankafuna manja, ndipo ambiri anakhala pa malo a Azungu polipira ndi thangata. Tiyi wa ku Mulanje ndi ku Thyolo anakula ndi thukuta lawo.

Anthu amenewa anali a magulu osiyanasiyana, Amihavani, Atakhwani, Amanyawa, Amarenje, Akokhola ndi ena, koma kuno onse anapatsidwa dzina limodzi lakuti Anguru, limene posakhalitsa linasanduka chitonzo. Ambiri anayamba kubisa mtundu wawo ndi kuleka kuphunzitsa ana chiyankhulo chawo. Mu 1943 Lewis Bandawe anakhazikitsa bungwe la Alomwe, ndipo chimodzi mwa zimene linamenyera chinali chakuti boma lileke kugwiritsa ntchito dzina lonyozalo. Boma linavomera, ndipo m'mabuku ake munayamba kulembedwa Alomwe. Pa kalembera wa mu 2018 Alomwe anapezeka kuti ndiwo mtundu wachiwiri pa kuchuluka m'Malaŵi, ndipo chaka ndi chaka amasonkhana pa Chonde, m'boma lomweli la Mulanje, pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Nkhani imeneyi ikuphunzitsa kuti dzina si kanthu kopepuka. Likhoza kuweramitsa mtundu wonse, likhozanso kuudzutsa.

Chibalecho chinaonekanso pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira m'Malaŵi, ndipo ambiri a iwo amene analowera ku Mulanje anafikira kwa abale a mtundu wawo.

MPHEPO YOCHOKERA KU NYANJA

Madzi saiwala khwawa. Amene anatsika ndi Thuchila amabwereranso, koma pa ulendo uno amadzera kumwamba. M'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi mphepo yochokera kumwera cha kum'mawa imanyamula chinyezi cha m'nyanja, ndipo ikagunda mapiri imasanduka nkhungu ndi mvula yowaza imene ingathe kukhala masiku angapo. Anthu a ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre amaitcha chiperoni. Ambiri amene amatchula liuli tsiku ndi tsiku sadziwa kuti ndi dzina la phiri, Chiperone, la m'boma la Milange ku Zambézia, lotalika mamita oposa 2,000. Anthu ankaona mitambo itaunjikana pa phiri limenelo, nadziwa kuti nyengoyo ili pa njira. Chiperoni ndiye amasunga tiyi wobiriwira m'miyezi imene madera ena auma, ndipo ndiye amadyetsa akasupe a pamwamba pa phiri. Mbali ya Phalombe, imene ili kuseri kwa phiri, imalandira mvula yochepa pa chifukwa chomwecho.

Mphepo ya ku nyanja simabwera mofatsa nthawi zonse. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi nawononga Phalombe. Pa 11 Malichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy anatera pa gombe pafupi ndi Quelimane, ndipo m'masiku otsatira mvula yake inakhuthukira pa Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre. Miyala ndi matope zinatsika m'mapiri, milatho inakokoloka, midzi ina inakwiririka, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'Malaŵi muno. Mvula yotere palibe nkhalango ingailetse yonse. Komabe phiri lovala mitengo limamwa madzi nkuwatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse, pamene phiri lometedwa limawataya tsiku limodzi, nkusiya mitsinje youma m'chilimwe. Mlimi wa m'chigwa cha Thuchila, msodzi wa pa Chiromo ndi mlimi wa mpunga wa ku matsiriro a Zambezi onse amadalira zimene zikuchitika pamwamba pa phiri limodzi.

Ntchito yokopa alendo nayo yatsamira pomwepo. Anyamata ambiri a ku Likhubula ndi midzi ina amadyetsa mabanja awo potsogolera alendo ndi kuwanyamulira katundu kupita ku tinyumba ta ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo ndi Sombani, ndipo mpikisano wa chaka ndi chaka wothamanga m'phiri unayambira pa ntchito yawo yomweyo. Akatswiri okwera miyala amachokera kutali kudzayesa khoma la kumadzulo la Chambe, limodzi mwa makoma aatali koposa mu Africa. Miyezi yabwino kukwera ndi ya pakati pa Meyi ndi Okutobala, mvula itatha. Mlendo amene ali ndi pasipoti ndi masiku okwanira angathe kuona mathithi a ku Likhubula, minda ya tiyi ya ku Gurué ndi mchenga wa ku Zalala pa ulendo umodzi. Koma mlendo ndi mame. Akapeza zitsa m'malo mwa nkhalango, sabweranso, ndipo sauza anzake.

Chimene mlendo amakumbukira nthawi yaitali ndi zimene womutsogolera anamufotokozera pa njira: chifukwa chake nsonga ija ili Sapitwa, amene ankapita ku Dziwe la Nkhalamba, kumene chiperoni chinatenga dzina. Maina otchuka ngati amenewa analembedwa kale m'mabuku. Koma m'boma la Mulanje muli mazanamazana a timitsinje, madambo, miyala ndi madooko amene maina awo ndi matanthauzo ake ali m'mitu ya nkhalamba zokha. Aphunzitsi a m'sukulu za ku Thuchila, Chonde, Likhubula ndi Muloza angathandize kwambiri potuma ana kukafunsa agogo awo dzina la kamtsinje ka kuseri kwa mudzi, amene analitcha, ndi chimene chinachitikapo, kenaka nkulemba zonsezo m'kope la sukulu, m'Chichewa, m'Chilomwe kapena m'Chiyao monga momwe zanenedwera. Ntchito imeneyi sifuna ndalama. Mafumu nawo, pamodzi ndi makomiti a m'midzi osamala nkhalango, ali ndi mbali yawo poteteza mbande za mkungudza ku moto wa m'chilimwe. Ku Chiromo kunatsala dambo la njovu lopanda njovu. Ana amene akuyamba sukulu chaka chino ku Thuchila ayenera kudzauona mkungudza uli chiimire m'phiri, osangoumva dzina m'buku la sukulu.